Shedi ya kalipentala pa Phalula: kuimanga ndi kuimaliza

Mukachoka ku Blantyre pamsewu wa M1, mukawoloka Shire pa Zalewa n'kulunjika kumpoto, mumalowa m'dera lotentha la milambe ndi zitsamba, ndipo musanafike pa Chingeni mumadutsa pa Phalula. Kale malowa ankawerengedwa ku Machinga, mpaka m'chaka cha 1998 pamene Balaka inakhala boma palokha. Apaulendo ambiri amakumbukira dera limeneli chifukwa cha matumba a makala amene amandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Matumba amenewo ndi nkhani ya kalipentala aliyense wa kuno, chifukwa mtengo umene walowa mu uvuni wa makala sudzafikanso pa benchi.

Komabe ntchito ya matabwa siitha. Womanga nyumba ya njerwa akufuna chitseko, mafelemu ndi denga. Wokwatira akufuna bedi. Sukulu ikufuna madesiki, tchalitchi chikufuna mabenchi, ndipo pakagwa zovuta, achibale amathamangira kwa amisiri usiku womwewo kukafuna bokosi. Amisiri ambiri amayambira pansi pa mtengo kapena pakhonde, zida zili m'thumba la saka, ndipo loto lawo limakhala lakuti tsiku lina adzagule mashini. Mashini ndi abwino, koma pa Phalula ndiwo ayenera kubwera pomaliza. Shedi imamangidwira thabwa. Kutentha kwa dzuwa, chiswe, mphepo ya mvula yoyamba ndi kusowa kwa mitengo ndizo ziyenera kulamula kuti shedi ikhale pati, italike bwanji, ndiponso ndalama yoyamba ipite kuti.

Tiyambe ndi thabwalo. Amisiri akale ankanyadira mitengo iwiri, mlombwa ndi mbawa. Mlombwa ukautema umatuluka madzi ofiira ngati magazi, ndipo ukauma suchepa kwambiri, supindika msanga, ndipo mtima wake chiswe sichiulowa wamba. Mbawa imakonda m'mbali mwa mitsinje, thabwa lake ndi lofiirira ndipo likapakidwa vanishi limawala mokoma. Panalinso msambamfumu, muwanga, ndi mkungudza wa ku Mulanje wonunkhira uja, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Lero yonseyi ndi yosowa. Mkungudza unalowa pa mndandanda wa mitengo yotetezedwa pa malonda a maiko, wa pangano la CITES, mu 2019, ndipo mu November 2022 pa msonkhano wa ku Panama anawonjezapo mitundu ya mu Africa ya mlombwa, mbawa ndi msambamfumu. Kuno kwathu lamulo la zankhalango la 1997, limene analikhwimitsa mu 2020, limafuna kuti wocheka ndi wonyamula matabwa a mitengo yachilengedwe akhale ndi chilolezo. Wina akabwera madzulo ndi njinga, matabwa a mlombwa atawakulunga ndi udzu, n'kunena kuti "bwana, awa ndi otchipa, tingomvana," dziwani kuti mukugula mlandu pamodzi ndi thabwalo.

Tsanya, amene ali wochuluka m'chigwa cha Shire mpaka ku nkhalango ya Liwonde, ndi wolimba ndi wolemera moti amabunthitsa sowo ndi pulena m'kanthawi kochepa. Ndi wabwino pa nsanamira chifukwa chiswe chimamuopa, koma naye akutha ndi makala.

Choncho mmisiri wa lero amakhalira paini, bulugamu, malaina, nimu, mwinanso mango. Paini wochuluka amachokera ku Chikangawa pa Viphya, nkhalango yodzala ndi manja ya mahekitala pafupifupi 53,000 imene boma linaikuza ndi cholinga chomanga fakitale ya mapepala, fakitale imene sinamangidwe; wina amatsika ku phiri la Zomba ndi ku Dedza. Ndi wofewa, wosavuta kupala, koma chiswe chimamukonda. Bulugamu, amene kwawo ndi ku Australia, ndi wolimba, koma amang'aluka ndi kupotoka akamauma mofulumira, ndipo ku Balaka chilichonse chimauma mofulumira. Malaina anachokera ku India ndi maiko oyandikana nawo. Thabwa lake ndi loyera, lopepuka, lokhazikika likauma, kungoti limasunga madzi m'kati nthawi yaitali kunja kukuoneka kouma. Mmisiri wodziwa khalidwe la mtengo uliwonse amadziwanso kuti paini apite ku denga ndi mashelefu, bulugamu ku nsanamira ndi mitanda, malaina ku zitseko za m'kati ndi makabati.

Mikangano yambiri pakati pa amisiri ndi makasitomala imachokera pa chinthu chimodzi. Munthu amabwera patatha mwezi n'kunena kuti, "Amisiri, chitseko chija chang'ambika pakati, dzuwa likulowera." Mmisiri amayankha kuti, "Pepani bambo, ndi dzuwa la kuno." Dzuwa lilibe mlandu. Thabwalo linali laliwisi. Thabwa likamauma silifupika mulitali, limachepa mulifupi, ndipo matabwa anayi olumikizidwa ali aawisi, lililonse likataya mamilimita angapo, amasiya mpata wolowa chala. Thabwa loyenera mipando ya m'nyumba liyenera kukhala ndi madzi pafupifupi 12 mpaka 15 pa 100 alionse a kulemera kwake, pomwe longochekedwa kumene limakhala ndi madzi oposa pamenepo kangapo.

N'chifukwa chake gawo loyamba la shedi ndi poyanika matabwa, ndipo liyenera kumangidwa ngakhale khoma lisanayambike. Ikani njerwa kapena miyala pansi, muyalepo mitanda yolimba yotalika masentimita 30 mpaka 45 kuchoka pa dothi, yolingana bwino, chifukwa thabwa limatenga mawonekedwe a pamene lagonapo. Yalani matabwa mosiya mipata, kenako pingasani timitengo touma tokhuthala inchi imodzi, motalikirana pafupifupi theka la mita, muyalenso mzere wina wa matabwa. Timitengo ta mzere uliwonse tikhale ndendende pamwamba pa ta mzere wa pansi. Tikasemphana, thabwa limawerama pakati. Pamwamba sanjikizani miyala yolemera. Kumapeto kwa thabwa lililonse pakani penti yotsalira, popeza madzi amathawira kumapeto mwaliwiro ndipo mng'alu umayambira komweko. Zonsezi zikhale pamthunzi podutsa mphepo. Kuyimika thabwa pakhoma padzuwa la mwezi wa October, monga ambiri amachitira pofuna kufulumira, kumaumitsa khungu lokha n'kulipinda ngati uta.

Kachida koyezera madzi a m'thabwa n'kodula ndipo sikapezeka wamba. Koma sikelo yogulira nandolo kapena thonje ilipo pafupifupi pamsika uliwonse wa ku Balaka. Sankhani thabwa limodzi lalifupi pa muluwo, muliyeze sabata iliyonse n'kulemba kulemera kwake pa thabwalo ndi pensulo. Manambala akasiya kutsika kwa masabata awiri kapena atatu, mulu wonse wafika.

Tsopano malo. Ngati shedi ikhale pakhomo, pa malo a makolo, ndi bwino kudziwitsa amfumu ndi anansi, chifukwa phokoso la hamala ndi fumbi sizikhala mumpanda wanu mokha. Ngati mukufuna kuyandikira M1 kuti apaulendo aziona katundu, kumbukirani kuti mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu waukulu ndi malo a msewu, ndipo chomangidwa pamenepo bungwe la Roads Authority likhoza kuchigwetsa popanda chipukuta misozi. Mipando yomalizidwa mutha kumaitulutsa m'mawa n'kuibweza madzulo, koma simenti yanu ithiridwe kunja kwa malirewo. Sankhani pokwera, posadikha madzi, ndipo ngati pafupi pali chulu chamoyo, chikumbeni mpaka mupeze make chiswe musanaike njerwa ngakhale imodzi.

Kukula kwa shedi kumachokera pa thabwa lomwe. Paini amagulitsidwa kawirikawiri wotalika mafiti 18, omwe ndi mamita asanu ndi theka. Shedi ya mamita 6 mulitali ndi 4 mulifupi imakwanira mmisiri mmodzi ndi wophunzira wake pa zida zamanja. Koma thabwa lodutsa m'mashini limafuna malo otalika ngati ilo kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndiye kuti mamita 11. Simuyenera kumanga nyumba yaitali choncho. Ingosiyani makomo aakulu awiri oyang'anizana, kuti tsiku limene mashini adzabwere adzakhale pakati, thabwa lizilowera khomo lina n'kutulukira lina. Pokhoma zikhomo za maziko, ngodya muiyeze ndi chingwe: mamita 3 mbali ina, 4 mbali inayo, ndipo chingwe chopingasa chikwane 5 ndendende. Kalipentala wogulitsa matebulo a sikweya sayenera kugwirira ntchito m'shedi yopendama.

Nyumbayo igone motsata njira ya dzuwa, kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, kuti dzuwa la m'mawa ndi lamadzulo lizimenya makoma aafupi. Kumadzulo n'kumene kuyenera kukhala kachipinda kokhoma, ka njerwa zootcha, kosungiramo zida, guluu ndi misomali. Kamatchinga dzuwa lowawa la masana komanso kamagonetsa mwini wake tulo. Mbali zazitali zikwane khoma lofika m'chiuno basi, pamwamba pake waya kapena nsungwi, kuti kuwala ndi mphepo zizilowa. Denga likwere mamita atatu kapena kuposa. Malata otsika pa Phalula, pamene kutentha kwa October ndi November kumapyola madigiri 35, amaphika munthu, amaumitsa guluu musanamange makalampa, ndiponso amapinda matabwa amene mwavutika kuwaumitsa. Kuyala mphasa kapena bango pansi pa malata kumachepetsa kutenthako pa mtengo wochepa. Denga la udzu ndi lozizira kuposa onse, koma pamalo podzaza utuchi ndi vanishi, mbaliwali imodzi imamaliza zonse.

Mvula yoyamba ku Balaka imabwera ndi mphepo yosasula madenga chaka ndi chaka, ndipo shedi yotsegula m'mbali ili pangozi yoposa nyumba, chifukwa mphepo imalowa pansi n'kunyamula denga lonse. Misomali yokha siikwanira. Phaso lililonse limangidwe ndi waya wokhuthala kapena chitsulo chopyapyala ku mtanda, mtanda ku nsanamira, ndipo waya wa pakhoma akwiriridwe mizere ingapo ya njerwa pansi. Nsanamira za bulugamu zisakhudze dothi: ziimikeni pa chitsa cha konkire chotuluka pamwamba pa nthaka, zogwidwa ndi chitsulo, kuti mizere ya dothi imene chiswe chimamanga pokwera izioneka msanga. Ambiri amapaka oyilo wakuda wa galimoto. Amathandizako pang'ono, koma Solignum kapena mankhwala ena opangidwira ntchitoyi ndiwo amakhalitsa.

Pansi, amene ndalama zamuchepera angathe kutsendera dothi ndi miyala yaing'ono n'kudikira. Koma pansi pa simenti polingana bwino ndi chida pachokha, popeza tebulo kapena mpando umayesedwa pomwepo ngati ukugwedera. Konkire ya muyeso umodzi wa simenti, itatu ya mchenga ndi isanu ndi umodzi ya miyala, yokhuthala masentimita 8 mpaka 10, ndi yokwanira. Muziithirira madzi kwa sabata yathunthu, chifukwa kuno ikauma tsiku limodzi imafumbutuka.

Tafika pa benchi, mtima wa shedi yonse. Benchi yogwedera imadya mphamvu za mmisiri: pulena ikamakankhidwa, theka la mphamvu limathera kugwedeza miyendo. Apa musaumire thabwa. Miyendo ikhale ya 4x4, yolumikizidwa ndi mitanda mwa motisi ndi tenoni, osati misomali, ndipo pamwamba pakhale matabwa okhuthala mainchi awiri, a mtengo wolemera umene mungaupeze mwachilungamo. Kutalika kwake mamita awiri, mulifupi masentimita 60 kapena 70, kuti dzanja lizifika tsidya linalo. Kukwera kwake kuyezedwe pa thupi la mwini wake: imirirani mowongoka, manja ali lende, ndipo pamene pali mfundo ya dzanja ndi pamene benchi ilekezere, kawirikawiri masentimita 85 mpaka 90. Ikakwera kwambiri, mapewa amatopa popala. Ikatsika, msana umadandaula zaka zisanafike. Vaisi ikhale kumanzere kwa munthu wogwira ndi dzanja lamanja. Vaisi yachitsulo ikadula, kathabwa kojobedwa ngati chilembo cha V kokhomedwa kumapeto kwa benchi, ndi kamtengo kosongoka kokhomerapo, kamagwira thabwa moimirira bwino lomwe, ndipo amisiri ambiri a m'midzi apalira zitseko moyo wawo wonse pa kameneka. Benchiyo ikhale pafupi ndi mbali yowala, kuwala kuzidutsa chopingasa pa thabwa, chifukwa ndi mmene mabampu ndi mizere ya pulena imaonekera.

Zida zoyambira sizichuluka: sowo yodulira ndi yong'ambira, kasowo ka tenoni, pulena yaitali ndi yaifupi, matchizulo atatu kapena anayi, hamala, chibonga chamtengo chomenyera tchizulo, sikweya, tepi, choboolera chamanja ndi makalampa aatali awiri. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu November 2023, zida zochokera kunja zinakwera mtengo kwambiri, ndipo m'misika munadzaza zotchipa za chitsulo chofewa. Pulena yakale ya Stanley kapena Record yogulidwa kwa mmisiri wopuma ntchito, kapena kwa obwera ku Joni, imaposa yatsopano yonyezimira imene mpeni wake umabuntha pa thabwa lachiwiri. Ndipo chida chofunika kuposa zonsezi ndi mwala wonolera. Mpeni wa pulena ndi tchizulo umasulidwa pa madigiri 25 n'kunoledwa pa 30, kumbuyo kwake kukhale kosalala mpaka kuwala. Wophunzira amene sanadziwe kunola asapatsidwe thabwa la kasitomala.

Za magetsi zili ndi kachodabwitsa kake. Kufupi ndi Phalula kuli siteshoni yaikulu ya magetsi ya Phombeya, pamene pamayambira nthambo za 400kV zopita ku Nkhoma, za makilomita 173, zimene zinamalizidwa mu 2018 ndi thandizo la boma la America kudzera mu Millennium Challenge Corporation. Nsanja zake zimaoneka patali, koma pansi pake pali makomo ambiri opanda ngakhale babu. Ngakhale olumikizidwa ndi ESCOM akukumbukira zimene zinachitika namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya pafupifupi 130 megawati kwa nthawi yoposa chaka. Shedi imene ntchito yake yonse inali pa mashini inkakhala chete tsiku lathunthu, pomwe wa pulena yamanja ankapala. Njira yanzeru kwa woyamba ndiyo kunyamula matabwa kukapalitsa ndi kung'ambitsa kwa amene ali ndi mashini, kulipira pa thabwa, n'kudzamalizira kunyumba ndi manja.

Tsiku logula mashini likafika, dziwani kuti magetsi a m'nyumba ndi a 230V, ndipo mashini aakulu ambiri amafuna a mawaya atatu a 400V, amene kuwakoka ndi ndalama ina. Mota ya mahachi atatu imadya pafupifupi makilowati 2.2, ndipo ikamayamba kuzungulira imakoka kangapo kuposa pamenepo, n'chifukwa chake kajenereta kakang'ono kamazima mukangoyatsa. Mawaya aikidwe ndi munthu wa chiphaso cha MERA, m'mapaipi, pamwamba, kutali ndi utuchi. Sowo yozungulira yopangidwa pakhomo, ya mota ya chigayo ndi tebulo lathabwa, yopanda chotchinga, yadula zala za anyamata ambiri. Thabwa likatsala pang'ono kutha, likankheni ndi kamtengo.

Kumaliza shedi n'kupatsa chinthu chilichonse malo ake. Pakhoma la kachipinda khomani thabwa lalikulu, mupachikepo zida, ndipo mujambule chithunzi cha chida chilichonse pamene chimakhala. Madzulo mukaona chithunzi chopanda mwini, mudziwa kuti tchizulo yatsala mu utuchi kapena yapita ndi mnansi. Nthawi ya dzinja pakani zitsulo kamafuta kuti zisachite dzimbiri. Utuchi usesedwe tsiku ndi tsiku, ndipo uli ndi msika wake kwa oweta nkhuku ndi ophikira mbaula za utuchi. Fumbi la matabwa si lamasewera: bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa World Health Organization, linaliika mu 1995 m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno. Chophimba pamphuno chivalidwe popala ndi sandipepala. Chidebe cha mchenga chikhale pakhomo, ndipo nsanza zonyowa ndi vanishi kapena mafuta a linseed musaziunjike pakona, chifukwa zikhoza kutentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni panja chotambasula.

Popakira vanishi pafunika ngodya yakeyake, yotchingidwa ndi pulasitiki kapena mphasa, kutali ndi benchi. Mipando yambiri ya m'mbali mwa msewu imagwa mtengo pa gawo lomalizali. Mukaisisita ndi dzanja imakanda, chifukwa inapakidwa masana, fumbi la malole likuuluka, vanishi wokhuthala atathiridwa kamodzi kuti abise zolakwa. Palani motsata mitsempha ya thabwa, kuyambira sandipepala wa nambala 80, kenako 120, kumalizira 180 kapena 220, osadumpha. Pukutani fumbi, wazani madzi pansi, ndipo pakani m'mamawa kusanatenthe. Ulendo woyamba vanishi akhale wosungunulidwa kuti alowe m'thabwa. Akauma, palaninso mopepuka n'kupaka kawiri kapena katatu mopyapyala. Pansi pa tebulo ndi kumbuyo kwa chitseko pakaninso, chifukwa thabwa lopakidwa mbali imodzi limamwa chinyezi cha dzinja mbali inayo n'kupindika. Kumutu ndi kumapazi kwa chitseko, kumene anthu saona, ndi kumene madzi amalowera.

Luso limeneli lili ndi mbiri yake m'dziko muno. Sukulu ya Overtoun ku Livingstonia, imene Robert Laws anaitsegula mu 1894, inkaphunzitsa ukalipentala, ndipo amisiri ake ankafunidwa mpaka kunja kwa dziko. Lero bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa mu 1999, ndilo limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a luso m'madera. Ku Balaka komweko kuli sukulu ya luso ya Andiamo, imene inayambitsidwa ndi Bambo Mario Pacifici a ku Italy. Koma amisiri ochuluka amaphunzirabe kwa mmisiri mnzawo, kuyambira kusesa ndi kugwira thabwa. Chiphaso cha luso chimathandiza pofuna ntchito ya madesiki a sukulu kapena ya khonsolo, pamodzi ndi laisensi ya bizinesi yochokera ku khonsolo ya boma. Msika nawo umasintha. M'zaka zimene Edzi inavuta kwambiri, mashedi ambiri ku Lilongwe ndi ku Blantyre ankakhalira mabokosi a maliro. Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, ambiri anabwerera ku mabedi ndi masofa. Shedi yanu ikhale yotha kulandira ntchito ya mtundu uliwonse.

Chotsala ndi kuseri kwa shedi. Mmisiri wa pa Phalula amene amagula paini wochokera kutali, wokwera mtengo ndi mafuta a galimoto, ali ndi chifukwa chodzalira mitengo kuposa munthu wina aliyense m'mudzimo. Malaina, nimu ndi mbawa zodzalidwa m'malire a munda kapena m'mbali mwa khwawa zimafuna kuthiriridwa ndi kutchingidwa ku mbuzi zaka ziwiri zoyamba, ndipo malaina amafika pochekedwa patatha zaka zoposa khumi. Nyengo yodzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 December n'kutha pa 15 April. Pitani ku ofesi ya zankhalango ku Balaka mvula isanayambe, mukafunse za mbande, ndipo ulendo womwewo mukafunsenso za kalata yonyamulira matabwa.